Anadutsa pa Mpata wa Michesi: Mabuku a Alendo ndi Mapazi a Eni Phiri

Munthu akaima pa boma la Phalombe m'mawa wa mwezi wa Juni, chiperoni chisanatsike, amaona mapiri awiri atakhala moyang'anizana ngati ankhoswe pa bwalo. Uku kuli Michesi, lotalika mamita oposa 2,200, lokhala palokha ndi nkhalango zake zowirira. Uko kuli Mulanje mwini wake, amene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002. Pakati pa awiriwa pali mpata, ndipo mu mpatamo mumadutsa msewu wafumbi wolowera ku Nkhulambe mpaka kukatulukira cha ku Muloza. Masiku ano mumayenda akabaza, amayi osenza nkhuni ndi ogula nandolo. Kale munkayenda alenje, osula makasu, amalonda a minyanga ya njovu, anthu omangidwa m'magoli, asilikali a atsamunda, ndi mabanja a Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi.

Za dera limeneli zinalembedwa zambiri, kuposa momwe ana a sukulu a ku Migowi kapena ku Chiringa amauzidwira. Mabuku ake alipo, ena akale kwambiri, ena a posachedwa, ndipo ndi oyenera kuwawerenga. Koma ambiri mwa iwo analembedwa ndi alendo, ndiye amafuna kuwerenga ndi maso awiri: lina likhale pa mlembi, lina pa anthu amene ankamutsogolera ndi kumusenzera katundu. Anthu enieni a m'phiri ali m'mabukumo, kungoti amapezeka m'mphepete mwa nkhani.

Njira zinalipo kale

Poyambira pabwino ndi buku la David Livingstone ndi m'bale wake Charles, Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries, la mu 1865. Mmenemo muli ulendo wa mu 1859, pamene Livingstone ndi John Kirk anasiya sitima yawo ya Ma Robert kwa Chibisa, ku Chikwawa, n'kukwera mtunda wapansi pamodzi ndi Amakololo. Pa 18 Epulo chaka chimenecho anafika pa nyanja ya Chilwa, analawa madzi ake amchere, ndipo chakumwera anaona phiri lalikulu limene analilemba kuti Milanje.

Chosangalatsa m'nkhaniyi ndi mmene anafikira kumeneko. Anthu a m'midzi ankawakayikira alendowa, moti ambiri ankakana kuwaperekeza. Bukulo likuvomera poyera kuti kangapo konse amene anawalondolera njira anali anthu omwe anzawo a m'mudzi ankawayesa amisala, chifukwa iwo okha ndiwo sankaopa zonena za anthu. Munalinso kusamvana pa mawu akuti nyanja, amene kwa Amang'anja ankatanthauzanso mtsinje waukulu ngati Shire. Nyanja imene mabuku a ku Ulaya amati inatulukiridwa tsiku limenelo inali kale ndi asodzi ake, ophika mchere ake, ndi anthu okhala pa zilumba zake.

Mfundo imeneyi anaifotokoza bwino Henry Drummond, mphunzitsi wa ku Scotland amene anafika ku Chilwa mu 1883 n'kulemba Tropical Africa, lotuluka mu 1888. Iye anauza owerenga a kwawo kuti asamaganize kuti woyendera mayiko a mu Africa amathyola tchire ndi kampasi m'manja. Dziko lonse linali lolukanalukana ndi tinjira ta miyendo, topapatiza, tokumbika ndi mapazi a mibadwo, tolumikiza mudzi ndi mudzi mpaka kunyanja ya mchere. Ntchito ya mlendo inali kungosankha kanjira koti atsate. Buku la Drummond lili ndi mawu ena onyoza anthu akuda, monga mabuku ambiri a nthawi imeneyo, koma pa nkhani ya njira ananena zoona, ndipo aliyense amene anakwerako ku Sombani, pamwamba pa Mulanje, kuchokera pa mpata wa Michesi akhoza kumuchitira umboni.

Linga la pa mpata

Kanjira kamodzi mwa tinjirato kanali koopsa. Kuyambira zaka za m'ma 1860, mafumu a Chiyao monga Mkanda, Matipwiri, Chikumbu ndi Mtiramanja anakhazikika mozungulira phiri. Anali ndi mfuti za gogodera ndi ubale wa malonda ndi anthu a ku gombe. Maulendo a minyanga ndi akapolo ochokera ku Chilwa ndi ku mapiri a Shire ankadzera mbali zino polowera ku Quelimane, ndipo mpata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje unali limodzi mwa makomo ake. Amang'anja ambiri, amene anali eni nthaka, anathawira m'mapanga ndi m'zigwa za m'phiri. Kudziwa pobisala, potunga madzi ndi potsikira usiku kunali kupulumutsa moyo.

Mbali ya atsamunda pa nkhaniyi ili m'buku la Harry Johnston, British Central Africa, la mu 1897. Johnston ndiye anali bwanamkubwa woyamba dziko lino litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. Mu 1893 anamangitsa linga pa mpatawo n'kulitcha Fort Lister, potengera dzina la Sir Villiers Lister, mkulu wina wa ku ofesi yoona za mayiko akunja ku London, ndipo linga lina, Fort Anderson, linamangidwa tsidya lina la phiri. M'malingamo munkakhala asilikali achisikh ochokera ku India pamodzi ndi asilikali achikuda. Chaka chomwecho kunabuka nkhondo ndi mfumu ina, Nyezerera, komanso Mkanda, amene anthu ake anatentha mishoni ya Church of Scotland ya ku Mulanje. Matipwiri anagonja mu 1895.

Johnston amalemba ngati munthu wosakayika konse za chilungamo chake. Malonda a akapolo analidi nkhanza yosaneneka ndipo kutha kwake kunali chipulumutso kwa anthu ochuluka. Komabe wowerenga wa lero aona kuti linga lomwelo limene linatseka njira ya magoli ndi limenenso linatsegula njira ya msonkho wa nyumba ndi ya minda ya azungu. Bukuli lili ndi phindu linanso: muli zojambula za mlembi mwini, mayina a mitengo ndi nyama, ndi mndandanda wa mawu a zilankhulo za kuno.

Linga la Fort Lister silinakhalitse. Patangopita zaka pafupifupi khumi linasiyidwa. Zotsala zake zikuonekabe: maziko a miyala ndi manda, kuphatikizapo a Gilbert Stevenson, amene anamwalira mu 1896, msuweni wa Robert Louis Stevenson, mlembi wa Treasure Island.

Pansi pa Johnston yemweyo pankagwira ntchito Alexander Whyte, katswiri wa zomera ndi nyama. Chakumapeto kwa 1891 iye anakwera pamwamba pa Mulanje n'kutola masamba, nthangala ndi mbalame zimene anazitumiza ku London. Pakati pa zimenezo panali mtengo wonunkhira, wosafumbwa ndi chiswe, umene akatswiri mu 1894 anaupatsa dzina loti Widdringtonia whytei pomulemekeza iyeyo. Anthu a m'tsinde mwa phiri anali atautcha kale mkungudza.

Amene analemba ali mbali ino ya katundu

Si mabuku onse amene analembedwa ndi onyamulidwa pa machila. Mu 1919 wansembe wa Anglican, Yohanna Abdallah, anatulutsa Chiikala cha Wayao, m'Chiyao ndi m'Chingerezi. Abdallah anasonkhanitsa zimene akuluakulu ankakumbukira za maulendo a malonda: mmene Ayao anayambira kusula ndi kugulitsa makasu, mmene anafikira kugombe, ndi mmene munthu woyenda kutali ankalemekezedwera m'mudzi. Amene wawerenga Johnston ayenera kuwerenganso Abdallah kuti amve anthu omwewo akudzifotokoza okha.

Kwa munthu wa ku Phalombe, buku lokhudza mtima kwambiri ndi Memoirs of a Malawian, mbiri ya moyo wa Lewis Mataka Bandawe, imene anaikonza ndi Bridglal Pachai n'kutuluka mu 1971. Bandawe anabadwira ku dziko la Alomwe, ku Mozambique, mu 1887. Ali mnyamata anayenda wapansi kubwera ku Blantyre motsogozedwa ndi John Gray Kufa, amene pambuyo pake ananyongedwa chifukwa cha nkhondo ya Chilembwe ya mu 1915. Mu 1913 Bandawe anabwerera kwawo kukagwira ntchito ya mishoni ku Mihecani, ndipo anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Atabwereranso kuno anakhala womasulira pa khoti lalikulu, ndipo mu 1943 anayambitsa bungwe la Alomwe limene linakakamiza boma kusiya dzina lonyoza la Anguru.

Ulendo wa Bandawe unali umodzi mwa zikwizikwi. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Amihavani, Amanyawa, Akokhola, Amarevoni, Atakhwani ndi ena ankawoloka malire usiku ndi usana, mphika pamutu, mwana kumsana, mbewu ya chinangwa ndi ya kalongonda m'thumba. Ankathawa chibalo ndi mbalamatodi, thabwa lomenyera anthu m'manja. Ena anakathera m'minda ya tiyi ndi fodya kumene anakumana ndi thangata. Ena anagwetsa tsala pa chigwa cha Phalombe n'kumanga midzi imene ilipo mpaka lero. Ngati pali anthu oyenera kutchedwa otsegula dziko m'boma lino, ndi amenewa. Mbiri yawo anailemba Robert Boeder mu Silent Majority, la mu 1984, ndipo Landeg White mu Magomero, la mu 1987, anatsata mudzi umodzi wa Alomwe ku Chiradzulu mbadwo ndi mbadwo, mowerengeka ngati nthano koma zonse zili zochitikadi.

Tsoka la ku Ruo

Buku lotchuka kuposa onse pa nkhani ya phirili ndi Venture to the Interior la Laurens van der Post, la mu 1952. Mu 1949 mlembiyu, wobadwira ku South Africa, anatumidwa kuchokera ku London kudzaona ngati pamwamba pa Mulanje ndi pa Nyika pangathe kuwetedwa ng'ombe kapena kulimidwa chakudya. Pa Mulanje anayenda ndi akuluakulu awiri a zankhalango ndi gulu la amtengatenga, kuchokera ku Chambe kudzera ku Thuchila ndi ku Sombani, mbali imene imayang'ana chigwa cha Phalombe, mpaka kuzungulira ku Ruo.

Kumeneko chiperoni chinawatsekera. Mvula inagwa masiku otsatizana, nkhungu inaphimba njira, ndipo mtsinje wa Ruo unadzaza pamwamba penipeni pa mathithi. Mmodzi wa a zankhalangowo, mnyamata wotchedwa Fred France, amene m'bukumo anapatsidwa dzina loti Dicky Vance, anadzimanga chingwe m'chiuno kuti awoloke n'kukamangirira tsidya linalo. Madzi anamukokolola, chingwe chinaduka, ndipo anagwera kuphompho. Ku Chambe anasiya mkazi ndi khanda. Kanyumba kamene ankakhala kamadziwikabe ndi dzina lake.

Masamba amenewa amagwira mtima. Van der Post ankadziwa kulemba: wowerenga amamva fungo la utsi wa mkungudza, amaona nkhungu ikukwera m'zigwa, amanjenjemera ndi chisanu. Koma pali zinthu ziwiri zoyenera kuzisunga. Choyamba, mu 2001 mtolankhani J. D. F. Jones anatulutsa mbiri ya moyo wa mlembiyu, yotchedwa Storyteller, imene inaonetsa kuti van der Post ankakonda kuthira mchere nkhani za moyo wake. Imfa ya France inachitikadi, koma phiri limene bukulo limalijambula ngati losadziwika linali litasanduka nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1927, lili ndi tinyumba togona, njira zolambulidwa ndi misasa ya ocheka matabwa. Chachiwiri, pa gombe la Ruo tsiku limenelo panaimanso amuna ambiri achikuda, osavala nsapato, atasenza mahema ndi mabokosi a chakudya, atanyowa mofanana ndi mabwana awo. Nawonso anayenera kupeza njira yotulukira m'chigwamo. Mantha a mlembi anatenga masamba ambirimbiri. Ambiri mwa amunawo sanatchulidwe n'komwe mayina.

Ocheka matabwa

Amuna ngati amenewo ndiwo anasenza mbiri ya phirili pamutu. Kuyambira zaka za m'ma 1890 mkungudza unkafunidwa pomanga nyumba za boma ku Zomba ndi kwina konse, ndipo pamwamba pa phiri sipankafika ngolo. Mtengo ukagwetsedwa, ankaugudubuzira pa thandala pamwamba pa dzenje. Wina ankaima pamwamba, mnzake m'dzenjemo, sowo yaitali ili pakati pawo, utuchi ukugwera m'maso mwa wapansiyo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Thabwa likatuluka, linkatsika pamutu pa munthu: nkhata pamutu, ndodo m'manja, mapazi akugwira mwala woterera ngati zala za nyani. Thabwa lalitali silikhota msanga, ndiye wosenza ankayenera kudziwiratu pokhotera paliponse asanafikepo. Anyamata a m'midzi ya m'tsinde ankaphunzira ntchitoyi kwa atsibweni awo ndi abambo awo, ndipo ndalama yake inkalipira msonkho ndi fizi.

Za mtengowu ndi za malonda ake analemba bwino J. D. Chapman, amene anagwira ntchito ya zankhalango kuno kwa zaka zambiri, m'buku lake The Mulanje Cedar: Malawi's National Tree, la mu 1995. Mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma ulemuwo sunauteteze ku moto ndi ku sowo zozembera lamulo. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Tsopano bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a zankhalango akubzala mbande zimene anthu a m'midzi yozungulira phiri amafesa m'manazale awo, ndipo amene amazikweza pamwamba, pamutu pomwe paja, ndi ana ndi zidzukulu za osenza matabwa. Wofuna kuona nkhani yonseyi mwakuya, kuyambira nthawi ya Amang'anja mpaka ya minda ya tiyi, awerenge An Environmental History of Southern Malawi la Brian Morris, la mu 2016. Morris anakhalako m'tsinde mwa Mulanje ali mnyamata, akugwira ntchito m'minda ya tiyi, ndipo amalemekeza nzeru za eni dera pa mitengo, bowa, mankhwala ndi nyama.

Palinso kabuku kakang'ono kolowa m'thumba la jekete, Guide to the Mulanje Massif ka Frank Eastwood, ka mu 1979. Mulibe nkhani zokometsera. Muli njira, maola oyenda, ndi mapu. Kamasonyeza mmene munthu angakwerere kuchokera ku Fort Lister kufika ku Sombani, n'kupitirira ku Namasile, ku Matambale kapena ku Chinzama. Powerenga mayina a nsongazi, Nandalanda, Khuto, Dzole, Chagaru, munthu amaona kuti pafupifupi onse ndi a zilankhulo za kuno. Anawatchula ndi anthu amene anafikako kapena kuziyang'ana tsiku ndi tsiku mapu asanajambulidwe.

Zimene mapu sanena

Eni phiri ali ndi malamulo awo amene sali m'kabuku ka Eastwood. Amati m'phiri muli mizimu ya makolo, ukapeza chakudya chokonzeka panjira, idya wekha osaitana mnzako ndipo usatengeko kupita nacho kumudzi, usalankhule mwachipongwe, nkhungu ikatsika, khala pansi. Dzina loti Sapitwa ndi chenjezo palokha. Amanenanso za Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi. Mu Malichi 1991, mvula itagwa mosalekeza, Michesi linagumuka ndipo madzi osakanikirana ndi miyala ikuluikulu anasesa boma la Phalombe ndi midzi yoyandikira, n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabwereza zomwezo ku Nkhulambe ndi madera ena. Akatswiri amafotokoza za nthaka yokhuta madzi pa thanthwe lotsetsereka. Agogo amati Napolo wadutsa. Onsewa amaloza makwawa omwewo, ndipo agogowo amakumbukira kumene madzi anadzera ulendo wapitawo.

Mu Julaye 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiya womuperekeza panjira n'kupitirira yekha ku Sapitwa. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Mnzake, Fellipe Barbosa, anapanga kanema wa ulendowo, Gabriel e a Montanha, wa mu 2017, ndipo anachita chinthu chimene olemba mabuku akale aja sanachite: anthu amene anakumana ndi Buchmann, kuphatikizapo operekeza alendo, anasewera okha mbali zawo, ndi nkhope zawo ndi mawu awo. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo chifukwa chimene linapereka ndi chikhalidwe: ubale wa Amang'anja, Ayao ndi Alomwe ndi phiri lawo.

Mabuku a Livingstone, Drummond ndi Johnston ndi akale moti amapezeka aulere pa intaneti, ndipo amawerengeka ngakhale pa foni. Enawo munthu akhoza kukawafunsa ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre, ku National Archives ku Zomba, kapena ku laibulale ya University of Malawi. Magazini ya Society of Malawi Journal, imene inayamba mu 1948 ikutchedwa Nyasaland Journal, ilinso ndi nkhani zambiri za phirili ndi za malinga ake.

Phalombe inakhala boma palokha mu 1998, ndipo ili ndi masekondale, aphunzitsi a mbiri yakale, ndi achinyamata okhala ndi mafoni ojambula mawu. M'midzi ya ku Nkhulambe, kwa Mkhumba ndi kwa Nazombe mudakali madala amene anacheka mkungudza ku Sombani, amene anasenza matabwa kutsika nawo ku Fort Lister, ndi amayi okalamba amene amakumbukira mmene amayi awo ankasimbira za ulendo wochokera ku Namuli, kwawo kwa Alomwe ku Mozambique. Amadziwa dzina la khwawa lililonse, phanga logonamo mvula ikakupeza, ndi amene anagwa pa thanthwe liti chaka chiti. Ambiri mwa iwo apitirira zaka 70, ndipo madzulo amapezeka pakhonde, akusenda nandolo, phiri lili kumbuyo kwawo.